Momwe mungalembetsere dzina lakale ndi chizindikiro cha pachishango ku SCA

Society for Creative Anachronism, mwachidule SCA, ndi bungwe la anthu okonda kutsanzira moyo wakale chisanafike chaka cha 1600: kavalidwe, kaphikidwe, nyimbo, ngakhale nkhondo zamasewera. Linayamba mu 1966 ku Berkeley, ku California, ndipo lero linagawidwa m'zigawo 20 zotchedwa maufumu. Ngati mukukhala ku Britain kapena ku South Africa, ufumu wanu ndi Drachenwald, womwe umatenga Ulaya, Africa ndi Middle East. Membala aliyense amadzisankhira dzina la m'nthawi imeneyo, ndipo ambiri amafunanso chizindikiro chojambula pachishango ndi pambendera. Kulembetsa n'kosakakamiza, koma mukalembetsa palibe wina m'bungwe lonse amene angalembetse zofanana ndi zanu.

Choyamba: pezani herald musanakonde dzina

Amene amayendetsa nkhaniyi amatchedwa herald, ndipo magulu ambiri ali ndi wawo. Onse pamodzi ndiwo College of Arms, yomwe mkulu wake ndi Laurel. Pansi pake pali Pelican, woweruza za maina, ndi Wreath, woweruza za zizindikiro. Anthuwa ndi ongodzipereka, salipidwa. Pitani kwa herald muli ndi malo ndi nyengo basi, monga England m'zaka za m'ma 1300 kapena Portugal m'zaka za m'ma 1500. Ambiri amene amakhumudwa ndi aja amayamba atengeka ndi dzina la mu filimu, n'kulisokera pa mbendera, kenaka n'kumafunafuna umboni woti linalipodi.

Chachiwiri: dzina ndi umboni wake

Malamulo ake ali m'chikalata chotchedwa SENA, chomwe chinayamba kugwira ntchito mu 2012. Dzina likhale ndi mbali ziwiri kapena kuposa: dzina lenileni, ndi lina losonyeza bambo ake a munthuyo, kwawo, ntchito yake kapena maonekedwe ake. Mbali iliyonse iyenera kupezeka m'zolembedwa zakale, ndi kalembedwe komweko ndi chaka chake. Zolembedwa za pakati pa 1600 ndi 1650 amazilandirabe, poti munthu amene anakwatira mu 1620 dzina analandira kale.

Umboni wabwino umachokera m'mabuku a ubatizo ndi maukwati a m'matchalitchi, m'kaundula wa msonkho ndi m'makalata a milandu. Pa intaneti yambirani pa Academy of Saint Gabriel ndi Dictionary of Medieval Names from European Sources. Masamba aja a maina a ana obadwa kumene, ofotokoza kuti dzina lakuti limatanthauza "duwa la m'mawa", musataye nawo nthawi, saonetsa chaka kapena gwero.

Pali lamulo limene limapunthwitsa ambiri. Mbali za dzina zikachokera m'chigawo chimodzi cha zilankhulo, zisatalikirane zaka zoposa 500. Mukasakaniza zigawo ziwiri, ziyenera kukhala zimene malamulo amalola kusakaniza, ndipo malire amatsika kufika zaka 300. Dzina la Chinorse cha m'ma 900 silingayende ndi mfunda wa Chitaliyana cha m'ma 1500.

Nanga wofuna dzina lakwathu? Njira yapafupi ilipo: mumaloledwa kutenga mbali ya dzina lanu la pa chiphaso kapena pasipoti, mukaonetsa umboni, ngakhale silikupezeka m'zolembedwa zakale. Chikondi kapena Phiri akhoza kulowa motero. Chosaloledwa n'kulembetsa dzina lanu lonse monga liliri. Njira yaitali ndi kufufuza zimene Apwitikizi analemba, popeza anali ku Sena ndi ku Tete kuyambira m'ma 1530, ndipo Gaspar Bocarro anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1616. Kungoti iwo ankalemba kwambiri za mafumu, ndipo dzina lodzipatsa udindo, monga Kalonga, likuwombana ndi lamulo loletsa kudzitcha mfumu usanapatsidwe ufumu. N'chimodzimodzi kutenga dzina la munthu wotchuka m'mbiri.

Chachitatu: chizindikiro

Mitundu ya utoto wake ndi yochepa. Iwiri amaitcha zitsulo: Or, wachikasu, ndi argent, woyera. Isanu ndiyo mitundu yeniyeni: gules wofiira, azure wabuluu, vert wobiriwira, sable wakuda ndi purpure wapepo. Chitsulo chimakhala pa mtundu, mtundu pa chitsulo, kuti chizindikiro chizioneka munthu ali patali. Yang'anani chishango cha boma la Malawi: mkango wachikasu pofiira, dzuwa lachikasu pakuda. Mkango wakuda pabuluu angakubwezereni.

Musadzaze chishango. Amawerenga mitundu yonse ya utoto pamodzi ndi mitundu ya zinthu zojambulidwa, ndipo zikapitirira 8 kawirikawiri amati zachuluka. Apa m'pamene anthu amafuna kulongamo mbiri yonse ya moyo wawo, galu wawo, ntchito yawo ndi ana atatu. Ine ndimaona kuti chinthu chimodzi chachikulu chimaposa zonsezo. Khasu lachikasu pobiriwira, m'chilankhulo cha a herald "Vert, a hoe Or", munthu amalizindikira ali kutsidya kwa bwalo.

Zina n'zosungidwira eni ake: chisoti chachifumu, lamba woyera wa asilikali a ulemu, nkhata ya masamba a laurel ya magulu. Mtanda wofiira poyera ndi wa Red Cross, ndipo swastika, chizindikiro chija cha a Nazi, saloledwa m'pang'ono pomwe. Kenaka herald afufuze mu Ordinary and Armorial, kaundula wa zonse zolembetsedwa kale. Chanu chisiyane ndi china chilichonse pa chinthu chimodzi chachikulu, kapena pa ziwiri zocheperapo koma zooneka.

Chachinayi: mafomu

Tengani mafomu a ufumu wanu, osati a ufumu wina. Chimene chimalembetsedwa ndi chithunzi, osati mawu ofotokoza, choncho jambulani mooneka bwino ndi mitundu yowala. Chofiira chikamaoneka ngati lalanje chimabwezedwa. Pa fomu ya dzina pali malo osonyeza ngati mukulola kuti akonze kalembedwe, ndiponso chimene mukuchifunitsitsa: kamvekedwe, tanthauzo kapena chilankhulo. Lolani zosintha zazing'ono, chilembo chimodzi chisakubwezeni poyambira. Chizindikiro sichilembetsedwa popanda dzina, ndiye tumizani dzina poyamba kapena zonse limodzi. Malipiro amasiyana ufumu ndi ufumu.

Chachisanu: kudikira

Ufumu ukaunika, umaika pempho lanu m'kalata yopita kwa Laurel pa tsamba la OSCAR, pomwe a herald a maufumu onse amaperekapo ndemanga. Chigamulo chimatuluka m'kalata ya mwezi ndi mwezi yotchedwa Letter of Acceptances and Returns. Zonsezi zimatenga miyezi ingapo, ndipo theka la chaka si zachilendo, choncho utoto wa pachishango uyambe wadikira. Akakubwezerani amalemba chifukwa chake. Tengani kalatayo kwa herald wanu, konzani chimene atchulacho, ndipo mufunse ngati ufumu wanu umalola kutumizanso kwaulere chaka chisanathe, poti maufumu ambiri amatero.