Satifiketi ya kwathu siilankhula yokha ku Sandton

Chitsegulire maofesi mu Januwale, foni yanga sikupuma. Achinyamata a kwathu okhala ku Yeoville, Rosettenville ndi Cosmo City akunditumizira ma CV kuti ndiwaonere asanawaponye kwa mabwana. Ena mwa ma CV amenewa ndi abwino ndithu. Koma ndikangofunsa kuti pepala la SAQA, bungwe la kuno ku South Africa lotsimikizira masatifiketi a mayiko ena, lili kuti, yankho ndi limodzimodzi: "Ndidzapanga ntchito ikapezeka." Abale anga, mawu amenewa akutilanda ntchito za mu ofesi kuno ku Joni kuposa tsankho limene timakonda kudandaula nalo.

Taganizani mayi wa ku HR, ofesi yolemba anthu ntchito, amene wakhala pa desiki ku Sandton ndi ma CV mazana. Iye anakula akudziwa matric, mayeso omalizira sekondale a kuno. Akaona MSCE yochokera ku MANEB, sadziwa ngati ndi mayeso a ku pulayimale kapena a ku koleji, ndipo alibe nthawi yoimbira foni ku Zomba kuti afunse. Kuno maphunziro amawayeza pa makwerero a NQF, kuyambira 1 mpaka 10. Matric ili pa 4, dipuloma pa 6, digiri yoyamba pa 7. Bungwe la SAQA ndi limene limatenga pepala la dziko lina, n'kutsimikiza kuti ndi lenileni, kenaka n'kunena khwerero limene likuimapo. Popanda zimenezo, dipuloma yanu ya akaunti imene makolo anagulitsira ng'ombe ndi pepala lokongola chabe.

Ndipo masiku ano nthawi zambiri mayi uja sayamba n'komwe kuiona CV yanu. Mukamalemba pa masamba a pa intaneti olengeza ntchito monga PNet ndi Careers24, kapena pa tsamba la kampani, pamakhala bokosi lofunsa maphunziro anu apamwamba. Amene alibe chotsimikizira amasiya osalemba kanthu kapena amangosankha mwachisawawa, kompyuta n'kuwasefera kunja. Munthu amatumiza makalata mwezi wonse, data n'kumatha, osayankhidwa ngakhale kamodzi, kenaka n'kuyamba kunena kuti wina kumudzi wamutsekera mwayi. Palibe wakutsekerani. Bokosi lija ndi limene lakutayani.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi kudikira. Ntchito ikalengezedwa, kawirikawiri imatsekedwa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. A SAQA sagwira ntchito ngati wojambula zithunzi za pasipoti pa Park Station. Amayenera kutsimikiza ndi sukulu kapena bungwe limene linapereka satifiketiyo, ndipo izi zimadya masabata, makamaka ngati kwathuko akuchedwa kuyankha. Tsono inu mwaona ntchito ya ukalaliki Lolemba, mwakumbukira kuti satifiketi yeniyeni ili m'sutikesi kwa amayi ku Ntcheu, mwayamba kusaka wa basi woti aibweretse kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Ikamafika, munthu wina walandira kale malipiro oyamba pa mpando umene munkaufunawo.

Palinso amene ntchito anaipeza kale, ndipo awa ndiwo amandimvetsa chisoni. Munthu walowa ngati wolowetsa manambala mu kompyuta, zaka zinayi zapita, akuphunzitsa anzake pulogalamu ya akaunti ya Sage Pastel, akukonza zolakwa za oyang'anira ake. Mpando wapamwamba ukatseguka amalemba kuti wofunika ndi wa NQF 6. Mnzathu ali nayo dipuloma yoyenera, koma mu fayilo ya kampani mulibe chosonyeza. Amakwezedwa mwana amene iye anamuphunzitsa. Kusiyana kwa malipiro a mwezi umodzi wokha kukanalipira SAQA n'kutsala chenji.

Mwezi watha anabwera kwa ine bambo wina wa ku Kasungu, mlimi wa fodya amene tsopano amatchetcha kapinga ku Randburg. Anabwerera nkhani ya mwana wawo wamkazi, koma monga mudziwa akuluakulu, anayamba ndi za fodya. Akuti chaka china anapita ndi mabelo ku Chinkhoma, fodya wonenepa bwino, wofutsidwa mosamala, koma belo limodzi analibweza chifukwa anasakaniza magiredi. "Achimwene," anatero, "fodya uja analibe vuto. Vuto linali lakuti wogula sanathe kumupatsa dzina." Ndinkaganiza kuti atha, koma anapitiriza ndi mitengo ya feteleza, ndi ngongole imene sanamalize kubweza, mpaka tiyi anazizira. Titafika pa mwanayo, zinapezeka kuti dzina la pa MSCE ndi la pa pasipoti n'zosiyana, poti anabwereza Sitandade 8 ndi dzina la msuweni wake kuti asankhidwe ku sekondale, monga ankachitira ambiri. Bamboyo anali atapereka kale ndalama kwa mnyamata wina wa m'tauni amene analonjeza kuti akonza mapepala onse n'kumupezera mwanayo ntchito pa resepishoni. Nambala ya mnyamatayo siikupezekanso. Ndinawauza kuti, "Bambo, lamulo la dziko lino la Employment Services Act la 2014 limaletsa kulipiritsa munthu wofuna ntchito kuti amupezere ntchito. Aliyense wokuuzani kuti muyambe mwapereka kenakake, m'thaweni." Anangogwira chipewa n'kumachitembenuza.

Chizolowezi ichi chofuna munthu wotiyendera pakati tinabwera nacho pa basi, ndipo sichikutithandiza. Pempho la ku SAQA munthu amalemba yekha pa intaneti, ndalama n'kulipira ku bungwelo mwachindunji. Sipafunika wodziwana naye. Za pemiti sinditaya nazo nthawi, aliyense akudziwa kuti chidindo cha masiku 30 cha pa malire si chilolezo chogwirira ntchito. Kungoti ambiri sadziwa kuti popempha general work visa ku Home Affairs, pepala lomweli la SAQA amalifunanso. Ndiye mukalinyalanyaza mwadzitsekera zitseko ziwiri.

Zochita zake si zambiri. Itanitsani masatifiketi enieni tsopano, musanaone ntchito iliyonse, ndipo a ku koleji itanitsaninso transcript, pepala losonyeza maphunziro onse amene munatenga ndi mmene munakhozera. Jambulitsani makope, kadinditseni ku polisi, ndipo kumbukirani kuti mabwana ena salandira chidindo chopitirira miyezi itatu. Yang'anani maina: ngati pali kusiyana ngakhale kwa chilembo chimodzi pakati pa satifiketi ndi pasipoti, yambani ndi zimenezo, ndipo kafunseni ku konsuleti ya Malawi kuno ku Johannesburg za kalata yolumbirira. Amene munaphunzira ku Polytechnic, kuyambira 2021 sukuluyi ndi MUBAS, choncho imbani foni mudziwe ofesi imene ikusunga mafayilo anu, ndipo pezani wachibale woti akakumbutse akalandira funso la a SAQA. Imelo imene mwalembetsa ikhale imene mumatsegula, osati ija anakutsegulirani wa pa internet café mu 2016. Yankho likabwera, lembani khwerero la NQF pamwamba pa CV, pafupi ndi dzina lanu, ndipo amene muli kale pa ntchito kaperekeni kope ku HR sabata yomweyo. Za intavyu ndi za Excel tidzakambirana ulendo wina.