Mmene mungayambire kuphunzitsa relation ndi function

Musayambe ndi f(x), chizindikiro cha function m'masamu. Ana ambiri akaona chizindikirochi amaganiza kuti ndi f kuchulukitsa ndi x, ndipo kusokonezeka kumeneku kumavuta kukuchotsa.

Jambulani mabwalo awiri pabolodi. Kumanzere lembani mayina a ana anayi, kumanja mayina a amayi atatu, awiri mwa anawo akhale a mimba imodzi. Ophunzira akoke mivi kuchokera kwa mwana aliyense kupita kwa mayi womubereka. Kulumikiza kulikonse kotere ndi relation. Uku ndi function chifukwa mwana aliyense akutulutsa muvi umodzi basi, ndipo palibe wotsala wopanda muvi. Tsopano tembenuzani miviyo. Mayi wa ana awiri uja atulutsa mivi iwiri, ndiye ikhala relation koma osati function. Khalitsanipo pamenepa, phata la phunziro lonse ndi lomweli.

Kenaka bweretsani manambala. Lamulo likhale lakuti: chulukitsa ndi 2, uwonjezere 3. Polowetsa 0, 1, 2 ndi 5 patuluka 3, 5, 7 ndi 13. Akadzaza okha tebulo m'pamene mulembe y = 2x + 3, pomwe x ndi nambala yolowetsa ndipo y ndi yotuluka.

Ambiri amaphonya poganiza kuti mivi iwiri yolasa malo amodzi ndi yoletsedwa. Asonyezeni y = x²: 2 ndi −2 onse amapereka 4, koma ikadali function.

Pa girafu, imikani rula chilili ndi kuiyendetsa kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ikadula mzere wa girafuyo pamalo awiri nthawi imodzi, monga zimachitikira pa bwalo, si function, chifukwa x mmodzi wapereka ma y awiri.