Chigafa chamoyo ndi chanu, si cha kampani

Sabata yathayi ndinali kwa mlimi wina wa fodya wa bale kuno ku Kasungu, ndiye tikuzungulira pakhomo ndinaona machubu a mbande za keshya ali mulu kuseri kwa khola la mbuzi, ena agwa chammbali, dothi lake lauma gwaa, ena mizu yaboola pansi pa chubu yalowa m'nthaka moti kuti uzule uyenera kukoka ndi manja awiri. Ndinawafunsa kuti bambo, mitengo iyi bwanji mvula yonseyi? Iwo osadandaula n'komwe, akuti aaa alangizi imeneyo ndi ya kampani, akamadzabwera anyamata awo aja oyendera minda tidzaiponya m'maenje. Pomwe amayankha chonchi tinaima pafupi ndi chigafa chawo chomwe chapendekeka mbali imodzi, mizati iwiri chiswe chadya m'munsi yatsala pang'ono kuduka, ndipo m'mawa womwewo anali atatuma mnyamata kukafunsa mtengo wa ngolo imodzi ya mapolo kwa anthu odula kuphiri.

Mawu akuti "ya kampani" amenewo ndi omwe andipangitsa kulemba izi za chigafa chamoyo, chigafa cha fodya chomwe mizati yake ndi mitengo yodzala ngati ya m'machubu aja, chifukwa sindinawamve kwa bambo amenewa okha ayi, ndawamva ku Dowa, ndawamva ku Mchinji, kulikonse komwe alimi ali pa kontirakiti.

Tiyambe ndi chifukwa chomwe makampani ogula fodya akuvutira ndi mitengo ndi nkhani ya ana ogwira ntchito m'fodya masiku ano. Kuyambira cha m'ma 2012 fodya wambiri m'Malawi muno amalimidwa pa ndondomeko ija ya IPS, kuti mlimi amagwirizana ndi kampani asanafese n'komwe nazale, kaya ndi Limbe Leaf, Alliance One, JTI kapena Premium, kenako fodyayo amakagulitsa ku msika wa fodya wa Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu koma wogula akudziwika kale. Makampani amenewa ambiri sapanga okha ndudu, amagulitsa kunja, ndipo akunjawo amafunsa mafunso awiri nthawi zonse, mitengo yomwe yachizira fodyayu yachokera kuti, nanga manja omwe amugwira ndi a ndani. Mu Novembala 2019 dziko la America linaimitsa kulowa kwa fodya wa ku Malawi pa madoko ake ponena kuti mumalowa ntchito yokakamiza komanso ya ana. Alliance One ndi Limbe Leaf anawamasula mu 2020, Premium mu 2021, ataonetsa kuti ali ndi njira yotsatira alimi awo mmodzimmodzi. Ndiye mukaona mlangizi wa kampani akubwera ndi foni kapena tabuleti, kujambula munda, kuwerenga mitengo, kufunsa zaka za ana ndi kalasi yomwe ali, musamati akukusowetsani mtendere dala, nayenso akufunsidwa kumtunda.

Ine sindikuuzani kuti makampani akuchita izi chifukwa chotikonda, akuteteza msika wawo, ndipo dandaulo lanu lakuti malamulo akuchuluka koma mtengo pa kilo sukwera molingana ndimalimva ndipo ndi lomveka, kalinenani ku kilabu, ku bungwe la alimi a fodya la TAMA, ku bungwe la boma loyang'anira fodya la Tobacco Commission, musatope. Komanso funsani bwinobwino posaina ngati mbande, machubu ndi njere zili pa ngongole kapena ndi zaulere, chifukwa ngati zili pa ngongole ndiye kuti zomwe zikuuma kuseri kwa khola zija ndi ndalama zanu zomwe adzadula pa belo. Koma olo zonsezi zili choncho, mtengo ukamera pamalo panu kampani sidzabwera kudzauzula kupita nawo ku Kanengo. Kontirakiti ikhoza kutha chaka chamawa, mukhoza kusiya fodya kulowa soya kapena mtedza, mtengo uja ukhala pomwepo.

Tsono chigafa chamoyo ndi chiyani, kwa amene sanachionepo. M'malo modula mitengo kutchire n'kudzaimika ngati mizati yomwe chiswe chidye pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, mumadzala mitengo m'mizere ndendende pomwe mizati imayenera kuima, ikakula thunthu lake ndiye mzati, mumangomangirira mitanda, kuika phaso ndi kufolera udzu basi. Mzati wamoyo chiswe sichiugwetsa wamba, mphepo siugwetsa wamba chifukwa uli ndi mizu, ndipo chaka ndi chaka umakupatsani nthambi zomwe mukanakagula. Kawirikawiri pamatenga zaka zitatu, pena zinayi kutengera nthaka ndi chisamaliro, kuti muyambe kupachika fodya. Anthu ambiri amagwa ulesi pomwepo, akuti zaka zitatu n'zambiri, koma tawerengani zaka zomwe mwakhala mukugula mapolo ndi ndalama yomwe yapita kwa a ngolo.

Mtengo womwe timalimbikitsa kwambiri ndi keshya wa milimo chifukwa umakula msanga, umawongoka ukasadzidwa bwino, ukaudula umaphukanso, ndipo mbuzi siziukonda kwenikweni ngati mmene zimachitira ndi gilisidiya. Keshya wa maluwa amathekanso, mtangatanga nawonso. Mthethe umakula bwino koma kumbukirani minga zake, anthu azidzadutsa ndi mikangala, ndodo zopachikira fodya zija, pamapewa tsiku lonse. Bulugama ndi malaina ine sindilangiza pa chigafa chomwe chili pafupi ndi munda kapena dimba, zimamwa madzi kwambiri ndipo mbewu zoyandikana nazo zimafooka.

Ngati mukufesa nokha, yambani mu Ogasiti kapena Seputembala, nthawi yomweyo mukukonza nazale ya fodya, madzi ndi amodzi omwewo, keni ndi yomweyo. Njere za keshya zili ndi khungu lolimba, ziviikeni m'madzi otentha omwe mwawaphula kale pamoto, zigone momwemo usiku wonse, kapena kandani pang'ono m'mphepete ndi chowengera zikhadabo osafika pa kamtima. Dothi la m'chubu sakanizani la pamwamba ndi manyowa owola bwino ndi mchenga pang'ono. Chomwe ambiri amaiwala ndi kusuntha machubu, pakatha sabata ziwiri zilizonse nyamulani chubu chilichonse, muzu womwe watuluka pansi dulani, apo ayi tsiku lodzala mudzathyola muzu waukulu ndipo mbande idzafota m'manja mwanu. Kukatsala sabata zitatu kapena zinayi kuti muwokere chepetsani madzi ndi mthunzi kuti mbande zikhwime, monga momwe mumachitira ndi fodya.

Malo ndiye pofunika kukhala pansi kuganiza chifukwa chigafa ichi simudzachisuntha. Pakhale pamalo posadikha madzi, podutsa mphepo, pafupi ndi nyumba kuti muziona akuba ndi mbuzi, komanso pamalo panu penipeni, osati munda wobwereka. Apa ndinene za abambo omwe muli pa chikamwini, ndikudziwa ambiri mumati ndidzale bwanji mitengo kwa eni ake mawa akandithamangitsa. Khalani pansi ndi mayi, aitaneni amalume awo a ana ngati kuli kofunika, mugwirizane poyera, mitengoyo idzathandiza ana anu omwe. Ndaona makomo omwe mayi ndi amene anagwira nkhani ya mitengoyi ndipo ndi komwe yapulumuka yambiri, chifukwa nkhuni akazisowa amayenda mtunda ndi iwowo.

Poyeza musavutike ndi masamu ambiri, pitani pa chigafa chanu chakale chomwe mikangala yanu imakwana bwino, tengani chingwe muyeze kuchoka mzati kufika mzati, m'litali ndi m'lifupi, muyezo womwewo ndi umene mukakhome zikhomo pamalo atsopano. Ngati kampani yanu yakupatsani muyezo wake tsatirani umenewo chifukwa ndi womwe adzayendere. Chachikulu mizere iwongoke, gwiritsani chingwe osati maso, mtengo umodzi ukapatuka pa mzere mtanda sudzagona bwino ndipo simungaukankhe ukakula. Maenje kumbani mvula isanagwe, masentimita 30 kuya ndi 30 m'mbali zonse kapena kuposerapo ngati nthaka ndi yolimba, dothi lapamwamba paderapadera, musakanize ndi manyowa n'kulibwezera pansi. Dzalani mvula ikakhazikika, Disembala mpaka pakati pa Januwale ndiye nthawi yabwino, olo kuti nyengo ya boma yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, mtengo wodzalidwa mu Malichi kuno kwathu umakumana ndi chilimwe mizu isanapite pansi. Ndikudziwa kuti nthawi imeneyi ndi yomwe ntchito ya fodya yafika pakhosi, kuwokera, kuthira feteleza, kubandira, koma chigafa chimodzi ndi ntchito ya m'mawa umodzi anthu awiri. Ng'ambani chubu, musakwirire pulasitiki, ndipo machubuwo tolerani.

Chaka choyamba ndiye pamafa mitengo yambiri, osati chifukwa cha mvula koma kusalabadira. Palirani mozungulira, ikani phulusa ngati chiswe chavuta, tchingirani ndi minga kapena mpanda wa mapesi ziweto zikamasulidwa mukakolola, ndipo lambulani udzu kuzungulira malo onse isanafike nthawi ya moto wa osaka mbewa. Pomwe pafa mbande bwezeretsani msanga mvula ikadalipo, chifukwa chake sungani mbande zina zapadera, pa chigafa chamoyo mpata umodzi ndi mzati umodzi wosowa. M'mipata mwa mizere chaka choyambacho mukhoza kudzala mtedza, soya kapena nyemba, zimathandiza kuti muzipalira. Kusadza yambani mtengo ukadali waung'ono, chotsani nthambi zam'munsi ndi mpeni wakuthwa kuti thunthu likwere limodzi lowongoka, koma osaumeta wonse, siyani masamba kumtunda adyetse mtengo. Ukafika msinkhu wa denga ndi kunenepa kokwanira mumadula nsonga pamwamba pa pomwe denga lidzakhale, ndipo chaka chilichonse musanapachike fodya mumaphata nthambi zomwe zaphuka kuti mphepo idutse, fodya wa bale amauma ndi mpweya, mthunzi ukachuluka ndi chinyezi amaola. Nthambi zimenezo ndiye mikangala, phaso ndi nkhuni zanu.

Pomanga musakhome misomali kapena kukulunga waya pa thunthu, mtengo ukamanenepa waya amalowa mkati n'kuupha. Mangani ndi khonje kapena chingwe chomwe kampani yapereka, ndipo muzimasula n'kumanganso chaka chilichonse. Zingwe zosolola ku matumba a feteleza zisiyeni kutali ndi chigafa, kachidutswa kamodzi ka pulasitiki kakapezeka mu belo mukudziwa nokha zomwe zimachitika ku okushoni, belo limabwezedwa. Luzi wakutchire nayenso ndi kupha mtengo wina kuti mumange wina. Ngati muli ndi malo m'mphepete mwa munda kapena m'khwawa dzalani nsungwi, pa mikangala palibe choposa. A fodya wochiza ndi moto inu chigafa chamoyo sichikukwanirani, mukufunika nkhalango yanuyanu ya nkhuni, ndipo lamulo la nkhalango lija analikhwimitsa mu 2020, kupezeka ndi mitengo yachilengedwe yochokera ku nkhalango za boma za Chimaliro kapena Dzalanyama si nkhani yongopepesa ngati kale.

Mbali ya ana ndiinene mosabisa chifukwa imachitikira m'chigafa momwemo. Ambirife tinakula tikusoka fodya ndipo timati sitinafe, koma taonani mwana akathyola fodya m'mawa mame asanaume, kukumbatira masamba onyowa pachifuwa malaya ali chinyowere, masana mumamuona wakhala pansi akuti mutu, chizungulire, nseru, pena kusanza, ife timathamangira kuti ndi malungo kapena njala. Nthawi zambiri ndi nikotini yemwe walowa kudzera pakhungu, ndipo thupi la mwana ndi laling'ono silipirira ngati lanu. Akuluakulunso zimawagwira, n'chifukwa chake timati dikirani mame aume, valani zamanja aatali ndi magolovesi, malaya akanyowa sinthani, sambani ndi sopo. Lamulo la dziko lino limaletsa aliyense wosakwana zaka 18 kugwira ntchito zoika moyo pachiswe, ndipo makampani pa fodya sakulola mwana kuthyola, kusoka, kusankha kapena kugwira mankhwala, kaya ndi wanu wobereka nokha kaya wa wantchito. Utenanti nawo unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, ndipo zimagwirizana, chifukwa tenanti yemwe akudikira malipiro mpaka fodya atagulitsidwa, kudya kwake kuli kopimidwa ndi ndowa, amalowetsa banja lonse m'munda kuti ntchito ithe. Ngati muli ndi antchito lemberanani pa pepala, alipireni pa nthawi yomwe munagwirizana, sungani kope lomwe amasainamo, madzi akumwa akhalepo kumunda. Ngati manja akuchepa moti popanda ana simungathe, ndiye kuti mwalima maekala opyola mphamvu zanu, chepetsani chaka chamawa, fodya wochepa wosamalidwa bwino amagwira giredi yabwino kusiyana ndi wambiri wothamangitsa. Mabotolo a mankhwala tsukani katatu, madziwo thirani mu sipuleya, boolani pansi n'kusunga pomwe ana safika mpaka kampani itatolera, osasandutsa botolo la mchere kapena la mafuta ophikira.

Kwa bambo a ku Kasungu aja sitinadikire anyamata a kampani, tinatenga chingwe tsiku lomwelo n'kuyeza pambali pa chigafa chopendekekacho, mbande zomwe mizu inalowa pansi tinazidula mizu n'kuziika pamthunzi kuti azithirira sabata imodzi zitsitsimuke asanadzale, zouma zenizeni tinataya. Ngati nanunso muli ndi machubu ali kuseri kwa nyumba kayang'aneni lero, kandani khungwa ndi chikhadabo, ngati mkati muli mobiriwira mbandeyo ikadali moyo, ithirireni madzulo ano ndipo mawa mukhome zikhomo.