Mmene mungafufuzire mbiri ya Cadillac Allanté musanatulutse ndalama

Galimoto zakale ndazikonza zambiri kuno ku Michigan, koma Allanté ndimaiopa pang'ono. Inapangidwa kuyambira 1987 mpaka 1993 basi, ndipo zonse pamodzi zinangopitirira 21,000. Bodi yake ankaipanga a kampani ya Pininfarina kufupi ndi Turin ku Italy, n'kuikweza mu ndege za Boeing 747, mabodi 56 pa ulendo umodzi, mpaka ku Detroit kuti akaikemo injini. Mukamva zimenezi simudabwanso kuti yatsopano inkagulidwa madola oposa 50,000. Lero mukhoza kuipeza yotsika mtengo kwambiri, ndipo apa ndi pamene anthu amapusitsikira.

Musayambe ndi kumvera wogulitsa. Yambani ndi nambala ya chasisi, imene kuno amati VIN. Ili pansi pa galasi lakutsogolo, mbali ya dalaivala. Werengani mpaka chilembo cha nambala 10: H ndi 1987, J ndi 1988, K 1989, L 1990, M 1991, N 1992, P 1993. Chilembo chimenechi sichinama, pomwe munthu wofuna ndalama angakuuzeni chaka chilichonse.

Mukadziwa chaka, tsegulani boneti muone ngati injini ikugwirizana nacho. Zaka ziwiri zoyambirira zinali ndi injini ya V8 ya malita 4.1, yofooka ndithu pa galimoto ya mtengo wotere. Kuyambira 1989 anaikamo ya 4.5, ndipo ine ndimakonda imeneyi chifukwa siivuta kukonza. Ya 1993 yokha ndiyo ili ndi injini yotchedwa Northstar ya 4.6, yamphamvu koposa zonse, koma funsani ngati inatenthapo, pakuti gasiketi ya injiniyi ikapsa mulira nayo.

Tsopano denga. Apa ndiye musathamange ayi. Denga lake lansalu limatsekedwa ndi manja, ndipo kudontha ndi matenda ake akale. Pemphani paipi, thirani madzi pamwamba kwa mphindi zingapo, kenako lowani mkati mugwire kapeti pansi pa mipando. Ine ndinachita manyazi kupempha paipi tsiku lina, mwini wake atandilandira bwino ndi khofi, ndiye ndinangoigula osaithira madzi. Mvula yoyamba itagwa ndinapeza madzi pophazi, ndipo nditakwezula kapeti, mawaya anali atachita dzimbiri kalekale. Funsaninso za denga lachiwiri, lolimba, la aluminiyamu lija. Zoyambirira zinkabwera nalo, kuyambira 1990 munthu ankachita kulipira padera. Ambiri analisiya m'garaja ya mwini woyamba.

Lizani injini muyang'ane dashibodi. Ngati ndi ya manambala owala m'malo mwa mivi, aliyense azioneka bwino, ndipo nyale ya mabuleki izizima. Mabuleki a Bosch a zaka zoyambirira ndi ovuta kupezera zipangizo.

Pomaliza pemphani malisiti onse a kugaraja, muwayale pa tebulo motsatira zaka. Pakakhala zaka zisanu kapena khumi zopanda pepala lililonse, nthawi zambiri ndiye kuti inangokhala osayenda, ndipo mapaipi a rabara ndi thanki ya petulo muzikonzekera kusintha.