Mankhwala a TB akakuvutani mmimba musawasiye

Ambiri akangoyamba mankhwala a TB pakatha sabata ziwiri zitatu mmimba mumayamba kubwata, kanseru, mwina kutsegula pang'ono, ndiye ena amangoti mankhwalawa sakundiyanja basi nkuwataya. Chonde musatero, imvani kaye zomwe zikuchitika mkatimo.

Mmatumbo mwathu mumakhala mabakiteriya mabiliyoni ankhaninkhani omwe si adani ayi. Amadya fayiba yemwe thupi lalephera kugaya nkutulutsa timafuta ngati butyrate, timeneti timadyetsa khoma la matumbo komanso timawongolera asilikali a mthupi, omwe ajatu amakalimbana ndi TB kumapapo.

Nde taonani, miyezi 2 yoyamba mumamwa isoniazid, rifampicin, pyrazinamide ndi ethambutol, kenako miyezi 4 isoniazid ndi rifampicin. Atatu enawo amalunjika kwenikweni pa kachilombo ka TB koma rifampicin, yemwe uja amafiiritsa mkodzo (zimenezo musaope), sasankha, amasesera limodzi ndi mabakiteriya abwino a mmatumbo omwe. Ofufuza anapeza kuti ngakhale chaka chitatha munthu atamaliza mankhwala, mitundu ina ya mabakiteriya imakhala isanabwerere mwakale.

Komabe kusiya ndiye koopsa kwambiri, kachilombo kamakhwima nkuyamba kukana mankhwala, mudzapezeka mukumwa ena amphamvu omwe amasokoneza mmimba kuposa awa. Ndipo ine chimandinyasa ndi chizolowezi chija chogula maantibayotiki ena pawekha ukangotsegula mmimba, ukumalizitsatu mabakiteriya abwino ochepa omwe anatsala aja.

Adyetseni mabakiteriya anuwo. Nyemba, masamba, zipatso, mbewu zosachotsa gaga, muzisinthasintha osati chimodzimodzi daily, ndipo muzidya mokwanira poti thupi loonda TB imalipezerera. Njala ikasowa idyani pang'onopang'ono koma kangapo patsiku. Yogati ngati ilipo palibe vuto, koma wina asakunamizeni kuti makapisozi a probiotic (okhala ndi mabakiteriya abwino) amachiza TB. Mowa uyambe wadikira, chiwindi chili kale pantchito yaikulu ndi mankhwalawa.

Nseru ikakula auzeni achipatala, atha kukusinthirani nthawi yomwera. Koma maso akachita chikasu, kusanza kosalekeza, kutsegula kwamadzi masiku angapo kapena chimbudzi cha magazi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo musanamwe ena, mutenge ndi mankhwala onse omwe mukumwa akawaone.