Apu ya banki ikakana kutseguka kapena kukulowetsani

Musanakhudze chilichonse, onani kaye pomwe apu ikuimira. Kodi ikungozungulira isanafike pamalo olembapo dzina ndi nambala yachinsinsi, kapena ikufika pamenepo koma ikukukanani mukalemba? Awa ndi mavuto awiri osiyana. Loyambalo limachokera ku netiweki, ku foni, kapena ku makompyuta a banki. Lachiwirilo ndi la akaunti yanu, ndipo limafuna kudekha, chifukwa mabanki ambiri amatseka akaunti mukalakwitsa nambala yachinsinsi katatu motsatizana.

Apu ikangozungulira, yambani ndi intaneti. Kulandira mauthenga pa WhatsApp si umboni woti intaneti ilipo, poti mabandulo ena amagwira pa WhatsApp kapena Facebook pokha. Tsegulani Chrome kapena Safari, mulowe patsamba lomwe simunalitsegulepo lero. Likakana, yatsani Airplane mode kwa masekondi 30 kenako muizimitse, kuti foni ilumikizane ndi netiweki mwatsopano. Ngati muli pa Wi-Fi, izimitseni muyese data ya pa simukhadi. Wi-Fi ya m'malo a anthu ambiri kawirikawiri imafuna kuti muvomereze kaye malamulo ake pa tsamba lina, ndipo apu ya banki siingakuonetseni tsambalo. Zimitsaninso VPN ngati muli nayo. Imachititsa foni kuoneka ngati ili kudziko lina, banki n'kuganiza kuti ndi wakuba.

Chomwe ambiri sachiganizira n'komwe ndi wotchi ya foni. Apu ikamalumikizana ndi banki imayang'ana chiphaso cha chitetezo chomwe chili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera ntchito, n'kuchiyerekeza ndi tsiku la pa foni yanu. Foni ikamanena kuti tili mu 2015, zomwe zimachitika batire ikatheratu kapena ikachotsedwa, chiphasocho chimaoneka chabodza ndipo apu imakana. Uthenga wake umangoti "connection error", osatchula za wotchi ayi. Lowani mu Settings, pezani Date and time, muyatse poti foni idzikonzera yokha tsiku, nthawi ndi dera.

Zonsezi zikakhala bwino, mwina vuto lili kubanki. Yesani kulowa kudzera patsamba lawo la intaneti kapena njira ya USSD (ija yoimba nambala yoyamba ndi * n'kuthera ndi #) ngati ali nayo. Zikakananso, kapena mukaona manambala ngati 500 kapena 503, ikani foni pansi mudikire. Mabanki amakonda kukonza makina awo pakati pa usiku, ndipo masiku amalipiro makinawo amalemedwa.

Nanga apu ikatseguka n'kudzitseka yokha? Pa Android pitani ku Settings, Apps, musankhe apuyo, mudine Force stop. Kenako lowani pa Storage mudine Clear cache. Apa yang'anitsitsani chala chanu, chifukwa pambali pake pali batani lina lolembedwa Clear data kapena Clear storage. Cache ndi tizidutswa tomwe apu imasunga kuti izitseguka msanga, kutifufuta sikuwononga kanthu. Koma Clear data imaiwalitsa apu kuti foniyi munailembetsa, ndipo mudzayambiranso pachiyambi, ndi khodi ya SMS, mwinanso nambala ya khadi. Ngati simukhadi yomwe munalembetsa kubanki simuli nayo pafupi, batani limeneli lisiyeni. Pa iPhone palibe batani la cache. Chofanana nalo ndi Offload App, yomwe ili mu Settings, General, iPhone Storage.

Onaninso malo otsala m'foni. Akachepera 1GB, chotsani mavidiyo angapo. Kenako lowani mu Play Store kapena App Store muone ngati pali apu yatsopano, poti mabanki amatseka dala zakale zikapezeka ndi ming'alu yolowera akuba. Muli mu Play Store momwemo, fufuzani Android System WebView ndi Chrome mudine Update kuti muike zatsopano zake. Maapu ambiri amadalira WebView poonetsa masamba awo, ndipo mu March 2021 kulakwika kwa kachipangizo kameneka kunagwetsa maapu ochuluka pa mafoni a Android padziko lonse. Foni ikakhala yakale kwambiri moti Play Store ikunena kuti apuyo siigwirizana nayo, musavutike kufunafuna fayilo ya APK (yoikira apu osadzera mu Play Store) pa intaneti. Umo ndi momwe maapu abodza amaloweramo.

Pali mauthenga ena onena kuti foni yanu si yotetezeka. Amabwera foni ikakhala kuti inachitidwa root kapena jailbreak (kuchotsa maloko achitetezo omwe opanga foni anaika), kapena Developer options ndi USB debugging zikayatsidwa, mwina ndi wokonza mafoni amene anaiwala kuzizimitsa. Maapu omwe amaonekera pamwamba pa anzawo, monga ochepetsa kuwala kwa sikirini kapena timitu tozungulira ta Messenger, nawonso amachititsa mabatani a apu ya banki kusadinika. Banki imatero dala, popeza akuba amagwiritsa ntchito njira yomweyo kuika sikirini yabodza pamwamba pa yeniyeni.

Tsopano ku vuto lachiwiri lija. Mukakanidwa kamodzi, imani. Dinani kachizindikiro ka diso kuti muone zomwe mwalemba. Kiyibodi ya foni imakonda kukweza chilembo choyamba kapena kuika mpata kumapeto kwa dzina, ndipo foni yomwe imadzilembera yokha pasiwedi ikhoza kukhala ikuika yakale ija munasintha. Mukakanidwa kachiwiri, musayese kachitatu. Dinani Forgot password, chifukwa kusintha nokha kumatenga mphindi zochepa pomwe kutsegulitsa akaunti yotsekedwa kumafuna kuimba foni kapena kupita ndi chiphaso kunthambi. Kulowa ndi chala kapena nkhope kukaleka kugwira, ganizirani ngati mwaonjezera chala chatsopano m'foni posachedwa. Maapu ambiri amazimitsa njirayi zikatero mpaka mulowe ndi pasiwedi n'kuiyatsanso.

Khodi ya SMS ikachedwa, musadine Resend kasanu. Khodi yatsopano imapha yakale, ndiye mauthenga akafika onse pamodzi mumalemba yoyamba yomwe inafa kale. Pemphani kamodzi, dikirani mphindi ziwiri, mugwiritse ntchito yomaliza kufika. Ikapanda kubwera, yang'anani mu Spam kapena Blocked mu apu ya mauthenga, ndipo dzitumizireni SMS kuchokera pa foni ina kuti muone ngati laini ikulandira. Foni ikangoti "No service" mwadzidzidzi pamalo pomwe anzanu a kampani yomweyo ali ndi netiweki, imbirani banki ndi kampani ya foni nthawi yomweyo. Mwina wina wasinthira nambala yanu pa simukhadi yake kuti azilandira makhodi anu.

Apu ikaima mukutumiza ndalama, musatumizenso. Nthawi zina ndalama zimakhala zapita, chomwe chalephera ndi uthenga wotsimikiza. Onani kaye ndalama zotsala kapena sitetimenti.

Kuchotsa apu n'kuikanso kukhale komaliza, mutatsimikiza kuti dzina lolowera mukulikumbukira ndipo simukhadi muli nayo. Poimbira banki, tengani nambala kuseri kwa khadi lanu, osati yomwe wina waika pa Facebook. Auzeni mtundu wa foni, nambala ya Android kapena iOS, mawu enieni a uthenga womwe ukubwera, ndi nthawi yomwe zinayamba. Wogwira ntchito kubanki angakufunseni dzina ndi tsiku lobadwa, koma akapempha PIN, pasiwedi kapena khodi ya SMS, kapena akati muike AnyDesk kapena TeamViewer kuti akukonzereni ali kutali, dulani foniyo.