Momwe mungasankhire matayala aakulu okwana pa bakkie yosasinthidwa

Amalawi ambiri okhala kuno ku Johannesburg akagula bakkie (galimoto ya pikapu), kaya ndi Toyota Hilux, Ford Ranger kapena Isuzu D-Max, sipatenga nthawi kuti ayambe kusirira matayala aakulu, ena pofuna kuti galimoto izipatsa ulemu, ena poganizira maenje a mumsewu wopita kumudzi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Kwa ogulitsa amafunsa tayala lalikulu kwambiri limene lingalowe, pamene chofunika kudziwa ndi tayala limene silingakhule paliponse galimoto itasenza katundu, chiwongolero chitakhotetsedwa mpaka pomaliza. Pano tikunena za bakkie imene ili monga idachokera ku fakitale, yosakwezedwa ndiponso yosadulidwa malata.

Yambani ndi kudziwa saizi imene opanga galimoto adaikapo. Musadalire tayala limene lilipo panopa, chifukwa mwini wake woyamba akhoza kukhala kuti adasintha kale. Tsegulani chitseko cha dalaivala, ndipo pachipilala chake mupeza sitika yolembedwa saizi ya matayala ndi mpweya wake. Ngati sitikayo idafufutika, onani m'buku la galimotoyo.

Kenaka werengerani kutalika kwa tayala lonse, ndipo apa m'pofunika kudekha ndi cholembera m'manja. Tiyeni titenge 265/65 R17, saizi imene imapezeka pa ma Hilux ambiri a zitseko zinayi. Nambala 265 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 65 ikutanthauza kuti khoma la tayala ndi magawo 65 pa 100 a kutambalalako, ndiye kuti mamilimita 172, pamene 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi, amene ndi mamilimita 432. Popeza khoma lilipo pamwamba ndi pansi pomwe, muwonkhetse 172 kawiri ndi 432, ndipo mupeza mamilimita 776. Mukachita chimodzimodzi ndi 265/70 R17 mupeza pafupifupi 803, pamene 285/70 R17 imafika 831. Tayala la 265/70 R17 laposa loyamba lija ndi mamilimita 27, koma galimoto imakwera ndi theka lokha la nambalayi, kutanthauza mamilimita 13 kapena 14, osaposa kunenepa kwa chala. Theka linalo limapita m'mwamba, kukadya mpata wa pansi pa madigadi. Ine ndimaona kuti pa bakkie yosasinthidwa, kukwera ndi saizi imodzi yotereyi ndiko kumene kuli koyenera kuyesa, ndipo 285/70 R17 kawirikawiri imafuna kukweza galimoto kapena kudula zina.

Mukatero pitani mukayeze mpata umene ulipo. Imikani galimoto pamalo osalala, khotetsani chiwongolero mpaka pomaliza kumanzere, ndipo mugwade ndi tepi yoyezera pafupi ndi tayala lakutsogolo. Yezani mpata wa pakati pa tayala ndi pulasitiki ya m'kati mwa madigadi, pakati pa tayala ndi labala yotchinga matope kumbuyo kwake, komanso pakati pa khoma lam'kati la tayala ndi chitsulo chapamwamba chogwira gudumu. Chitaninso chimodzimodzi mutakhotetsera kumanja. Pa mpata uliwonse muchotsepo theka la kutalika kumene mukuwonjezera, ndipo ngati tayala latsopano ndi lotambalala kuposa lakale, muchotsenso theka la kusiyanako mbali iliyonse. Kumbukirani kuti matayala a mizere yakuya, opangira misewu yafumbi ndi yamatope, amakhala ndi mapewa otupa, choncho awiri olembedwa saizi imodzi akhoza kusiyana ngati achokera ku makampani osiyana.

Kuyeza galimoto ili chiimire sikokwanira. Pemphani ogulitsa kuti amange tayala limodzi lokha kutsogolo musanalipire onse, ndipo amene akukana zimenezi ndi bwino kuwasiya n'kupita kwina. Pakani choko pamapewa a tayalalo, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono chiwongolero chili pomaliza, kenaka kwerani kamtunda kolowera pageti mopingasa kuti gudumu limodzi lipanikizike m'mwamba. Mukatsika suzumirani ndi tochi. Mukaona choko papulasitiki, kapena malo ongonyezimira ngati apukutidwa, dziwani kuti tayalalo likukhula, ndipo likadzafika pa maenje a ku Tete galimoto itadzaza mafiriji ndi matumba, lidzang'amba pulasitikiyo kapena kudzicheka lokha.

Amene amanyamula katundu wopita kumudzi ayang'anitsitse nambala imene imatsatira saizi, monga 112T. Nambala 112 ikusonyeza kuti tayala limodzi limasenza makilogalamu 1,120, pamene 115 ndi makilogalamu 1,215, ndipo chilembo T chikunena kuti lisapyole makilomita 190 pa ola. Musagule tayala la nambala yochepa kuposa imene ili pasitika ija, ngakhale likhale lalikulu chotani, ndipo musaganize kuti tayala lamphamvu likuloleza kupyola kulemera kumene galimoto idalembedwa. Onaninso manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT pakhoma la tayala, amene amanena sabata ndi chaka chimene tayala lidapangidwa: 2324 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2024.

Tayala lotalika limanamizanso sipidomita, chifukwa likazungulira kamodzi limayenda mtunda wautali kuposa lakale. Ndi 265/70 R17 kusiyanaku ndi magawo oposa pang'ono 3 pa 100, choncho pamene kale munkayenda 120, tsopano singano ili pomwepo mukuyenda pafupifupi 124, ndipo makamera oona liwiro a pa misewu ya N1 ndi N3 sadziwa zoti mudasintha matayala. Yerekezani ndi GPS ya pafoni yanu. Galimoto imalemedwanso ponyamuka ndipo imamwa mafuta ochulukirapo, zimene zimamveka kwambiri pa injini za petulo zopanda turbo, popeza Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 pomwe mpweya ndi wopepuka. Ngati galimoto ikadali pa waranti kapena ili ndi inshuwalansi, afunseni a kampani ya waranti kapena ya inshuwalansiyo musanasinthe, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa.

Pomaliza gulani matayala asanu, osati anayi, makamaka ngati bakkie yanu ndi 4x4, chifukwa sipeya yaifupi ikayenda limodzi ndi matayala aatali imapanikiza magiya ogawa mphamvu ku magudumu. Musanachoke pamalo ogulitsira, auzeni akweze sipeya yatsopanoyo pamalo pake pansi pa bodi inu mukuona, muonetsetse kuti yalowa bwino osagunda paipi ya utsi kapena chitsulo chokokera ngolo.